Meshi ya Heniya Ikatukusira: Tizilombo, Zigamba Zolakwika ndi Milandu ya Chipukuta Misozi

Heniya imayamba pamene khoma la minofu ya pamimba lafooka kapena lang'ambika, ndipo thumbo kapena mafuta a m'mimba ayamba kutulukira pa mpatawo n'kupanga chotupa pansi pa khungu. Chotupacho chimaoneka kwambiri munthu akaimirira, akamatsokomola kapena akanyamula katundu wolemera, ndipo nthawi zambiri chimabwerera mkati akagona chagada. Chimakonda kutuluka m'mbali mwa chinena, pamchombo, kapena pachipsera cha opaleshoni yakale. Kwa abambo, thumbo likatsikira kumalo obisika, ambiri amangoti ndi phudzi. Mwa amuna 100 alionse, pafupifupi 27 amadzakhala ndi heniya ya m'mbali mwa chinena pa moyo wawo, pamene mwa akazi 100 ndi atatu okha. Palibe mankhwala akumwa kapena opaka amene angatseke mpatawo mwa munthu wamkulu. Pamafunika opaleshoni, ndipo padziko lonse maopaleshoni oterewa amapitirira 20 miliyoni chaka chilichonse.

Kale madokotala ankangokoka minofu ya mbali ziwiri n'kuisoka. Njira yodziwika kwambiri inali ya Edoardo Bassini, dokotala wa ku Padua m'dziko la Italy, amene anaikonza m'zaka za m'ma 1880. Vuto linali lakuti mnofu wofooka kale ukakokedwa mwamphamvu umang'ambikanso. Mu 1958 Francis Usher, wa ku Houston m'dziko la America, anayamba kuika chigamba cha pulasitiki choluka, chokhala ndi timabowo, pamalo ofookawo. Chigamba chimenechi ndicho chimatchedwa meshi. Mnofu umamera kudutsa m'timabowomo, ndipo chigambacho chimasanduka gawo la khoma la mimba mpaka munthu adzamwalire. M'zaka za m'ma 1980 Irving Lichtenstein wa ku Los Angeles anafalitsa njira yoyala meshi popanda kukoka minofu, ndipo pofika chaka cha 2000, malinga ndi bungwe la FDA loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, maopaleshoni a heniya ya m'mbali mwa chinena ochitika popanda meshi anali osakwana 10 mwa 100 alionse m'dzikomo.

Ubwino wa meshi si wokayikitsa, ndipo ndi pamenepa poyenera kuyambira nkhani ya zoopsa zake. Kafukufuku wa ku Netherlands amene anasindikizidwa mu 2000 anayerekeza njira ziwirizi pa odwala heniya ya pachipsera. Patatha zaka zitatu, heniya inali itabwereranso mwa odwala 43 pa 100 alionse amene anangosokedwa, ndi mwa 24 okha pa 100 alionse amene anaikidwa meshi. Koma phindu limeneli lili ndi mtengo wake. Ku Denmark, kumene boma limasunga kaundula wa maopaleshoni a heniya, ofufuza anatsatira odwala oposa 3,000 amene anachitidwa opaleshoni pakati pa 2007 ndi 2010. Anapeza kuti m'zaka zisanu, pafupifupi 6 mwa 100 alionse amene anaikidwa meshi pong'amba pamimba, ndi pafupifupi 4 mwa 100 amene anaikidwa kudzera m'timabowo ta kamera, anakumana ndi mavuto aakulu ochokera ku meshiyo: matumbo kutsekeka kapena kubooka, kutaya magazi, ndi zithupsa za mkati. Mavutowa sanathere m'miyezi yoyambirira. Ankawonjezekabe chaka ndi chaka.

Chifukwa chimene tizilombo timakondera meshi chinadziwika meshi isanafale n'komwe. Mu 1957 ofufuza awiri a ku London, Elek ndi Conen, anasonyeza kuti pakhungu la munthu wathanzi pamafunika mabakiteriya pafupifupi miliyoni kuti mafinya apangike, koma pakakhala kaulusi kosokera bala, mabakiteriya 100 okha amakwanira. Chinthu chachilendo m'thupi chilibe mitsempha ya magazi. Asilikali a m'thupi, amene ndi maselo oyera a magazi, sachifikira mosavuta, ndipo mankhwala oyenda m'magazi nawonso amafika ochepa. Tizilombo timene timapezeka kawirikawiri ndi ta mtundu wa Staphylococcus, timene timakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri popanda vuto. Timalowa pa nthawi ya opaleshoni, kuchokera pakhungu la wodwala, m'manja mwa ogwira ntchito, pa zida, kapena pa meshi yeniyeniyo ngati sinaphedwe tizilombo mokwanira kufakitale. Thumbo likabooka, mabakiteriya a m'matumbo nawo amafika pa chigambacho.

Tikangokhazikika pa ulusi wa pulasitiki, tizilomboti timatulutsa zinthu zoterera zimene zimatikuta, ngati ndere zimene zimamera pa mwala wa mumtsinje. M'kati mwa chophimba chimenechi timakula pang'onopang'ono, ndipo maantibayotiki ambiri, amene amapha bwino tizilombo toswana mofulumira, amalephera kutimaliza. N'chifukwa chake wodwala amamwa mankhwala, bala n'kuuma, koma patatha milungu ingapo mafinya n'kuyambanso kutuluka pamalo omwewo. Ena amakhala zaka zambiri osamva kanthu, kenako matenda n'kubuka mwadzidzidzi.

Mameshi sali ofanana pa nkhani imeneyi, ndipo kusiyana kwake kuli pa kukula kwa timabowo. Milimita imodzi ikagawidwa ka 1,000, gawo limodzilo limatchedwa maikiloni. Bakiteriya ndi wamkulu pafupifupi maikiloni imodzi. Asilikali a m'thupi ndi aakulu kuposa pamenepo, ndipo sangalowe m'kabowo kochepera maikiloni 10. Choncho meshi ya timabowo tating'ono kwambiri imalola mdani kulowa koma imatsekera kunja womuthamangitsa. Mu 1997 dokotala Parviz Amid anagawa mameshi m'magulu potengera mfundo imeneyi, ndipo anaika patsogolo okhala ndi timabowo toposa maikiloni 75. Meshi ya polypropylene yolukidwa ndi ulusi umodziumodzi, ya timabowo tatikulutikulu, ikagwidwa ndi tizilombo nthawi zina imapulumutsidwa pongotsegula bala, kulitsuka ndi kupereka mankhwala. Meshi yolukidwa ndi ulusi wopota, monga ina ya polyester, imakhala ndi tinjira tobisika pakati pa timaulusi. Meshi yosalala ya ePTFE, yomwe anaipanga kuti isamatirire ku matumbo, ikagwidwa ndi tizilombo pafupifupi nthawi zonse imayenera kuchotsedwa.

Thupi la wodwala nalo lili ndi mbali yake. Kusuta fodya, matenda a shuga osasamalidwa, kunenepa kwambiri, mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, ndi opaleshoni yadzidzidzi pamene thumbo lakanirira n'kuyamba kuwola, zonsezi zimakweza chiopsezo. Opaleshoni yaitali imapatsanso tizilombo mpata. Pa heniya yaing'ono ya m'mbali mwa chinena, meshi imagwidwa ndi tizilombo mwa apo ndi apo; pa heniya yaikulu ya pachipsera, chiwerengero chimatha kufika 8 mwa 100 alionse.

Zizindikiro zoyamba ndi kufiira, kutentha ndi kutupa pamalo a opaleshoni, ululu umene ukukula m'malo mochepa, ndi madzi kapena mafinya otuluka pa bala. Kutentha thupi, kunjenjemera ndi kufooka zimasonyeza kuti matenda akulowa m'magazi, ndipo munthu wotere ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Matenda okhalitsa amadziwika ndi kachilonda kakang'ono kosapola, kochucha mafinya miyezi ndi miyezi, ndipo nthawi zina ulusi wa meshi umaonekera m'kati mwake. Ngati pa bala pakutuluka zonunkha ngati chimbudzi, kapena wodwala akusanza, mimba yatupa ndipo mpweya sukutuluka, ndiye kuti thumbo lakhudzidwa. Sikuti kutupa kulikonse ndi matenda ayi. Madzi oyera amasonkhana pansi pa bala mwa odwala ambiri ndipo amatha okha. Kuwaboola ndi singano popanda chifukwa kumatha kulowetsa tizilombo pamene panalibe. Madokotala amasiyanitsa zimenezi pounika ndi sikani, kuyeza magazi, ndi kutumiza mafinya ku labotale kuti adziwe mtundu wa kachilombo ndi mankhwala amene angakaphe.

Kuchotsa meshi ndi opaleshoni yovuta kuposa kuiika. Mnofu umakhala utamera m'kati mwake, ndipo matumbo, chikhodzodzo, mitsempha ya magazi kapena njira ya mbewu ya abambo zimatha kukhala zitamatirira. Nthawi zina dokotala amadula gawo la thumbo. Chigamba chikachoka, mpata uja umatsala, kawirikawiri utakula, ndipo heniya imabwerera. Wodwala amatha miyezi asakugwira ntchito, ndipo amene ntchito yake ndi yonyamula katundu mwina sabwereranso. Kuvutika kotereku ndiko kumachititsa anthu kufunsa ngati pali wina amene analakwa.

Funso limeneli lilibe yankho limodzi. Meshi yabwino, yoikidwa ndi dokotala waluso m'fiyeta yaukhondo, imathabe kugwidwa ndi tizilombo, ndipo pamenepo palibe mlandu. Ngati zida sizinaphikidwe bwino, kapena zizindikiro zinanyalanyazidwa, mlandu ndi wa chipatala kapena dokotala. Kampani yopanga meshi imayankha mlandu pokhapokha chipangizocho chili cholakwika, ndipo malamulo a ku America amaona kulakwikako m'njira zitatu. Mwina maganizo a kapangidwe kake ndiwo anali oipa, moti meshi iliyonse ya mtunduwo ndi yoopsa. Mwina inaonongeka kufakitale, moti gulu limodzi lokha ndilo loipa. Mwinanso kampani inadziwa za chiopsezo koma sinachenjeze madokotala mokwanira.

Chitsanzo choyamba chachikulu chinali chigamba cha Composix Kugel, chopangidwa ndi Davol, nthambi ya kampani ya C. R. Bard. M'mphepete mwake munali kamkombero ka pulasitiki kothandiza chigambacho kutambasuka chikalowetsedwa m'mimba chili chopinda. Kamkomberoko kankathyoka polumikizira, n'kubaya thumbo, ndipo zam'matumbo zinkatayikira m'mimba kapena kudziboolera njira mpaka pakhungu. Kampani inayamba kuitanitsa zigambazi mu December 2005, n'kuwonjezera mitundu ina mu 2006 ndi 2007, ndipo FDA inaika nkhaniyi m'gulu loyamba, la zipangizo zimene zingavulaze kwambiri kapena kupha. Milandu inasonkhanitsidwa ku Rhode Island. Mu 2010 wodwala wina ndi mkazi wake anapatsidwa madola 1.5 miliyoni, ndipo mu 2011 Bard inavomera kulipira madola 184 miliyoni pothetsa milandu pafupifupi 2,600.

Nkhani yokhudza ukhondo mwachindunji inali ya meshi ya C-QUR, ya kampani ya Atrium Medical ku New Hampshire. Meshi imeneyi inakutidwa ndi mafuta ochokera ku nsomba kuti isamatirire ku matumbo. Mu 2012 FDA inalembera kampaniyo kalata yochenjeza, yonena kuti sinkafufuza mokwanira madandaulo okhudza matenda, kuphatikizapo malipoti a tsitsi la munthu lopezeka m'zipangizo zimene zinayenera kukhala zopanda kachilombo kalikonse. Mu 2013 kampani inachenjeza kuti m'malo a chinyontho mafutawo ankakanirira ku pepala lokutira. Mu 2015 khoti linavomereza mgwirizano umene unaimitsa ntchito zina pafakitale yake ya ku Hudson mpaka zinthu zitakonzedwa. Ngakhale zinali choncho, pa mlandu wokhudza meshi ina ya Atrium umene unazengedwa mu 2021 kampaniyo inapambana, ndipo milandu yambiri yotsala inathera pa mgwirizano wa kunja kwa khoti. Pamenepa pali phunziro lowawa kwa odandaula: kusonyeza kuti fakitale inali yosasamala sikokwanira, pamafunika kusonyeza kuti kusasamalako ndiko kunadwalitsa munthu amene waima m'khotiyo.

Physiomesh, ya kampani ya Ethicon yomwe ndi nthambi ya Johnson & Johnson, inachotsedwa pamsika mu May 2016. Makaundula a odwala a ku Germany ndi ku Denmark anaonetsa kuti heniya inkabwerera kawirikawiri, ndipo odwala ankachitidwanso opaleshoni mochuluka kuposa a mameshi ena ofanana nayo. Odandaula ankanenanso kuti kachikopa kokuta mbali zonse ziwiri kankalepheretsa mnofu kumera ndi madzi kudutsa, motero madzi ankadikha n'kukhala malo oswanirana tizilombo. Milanduyo inasonkhanitsidwa ku Georgia ndipo yambiri inatha mwachinsinsi. Chofunika kuona n'chakuti vutoli linaonekera m'makaundula a maiko amene amalemba odwala ndi dzina la meshi yawo.

Palinso mameshi achinyengo. Mu 2010 FDA inachenjeza zipatala za mameshi a polypropylene okhala ndi dzina la Bard koma osapangidwa ndi Bard, ndipo atayezedwa ena anapezeka kuti sanali ophedwa tizilombo. Ngati zimenezi zinachitika m'dziko la malamulo okhwima, chiopsezo n'chachikulu kumene zipangizo zimadutsa m'manja mwa amalonda ambiri zisanafike kuchipatala.

Ambiri amadabwa kuti zipangizo zotere zinafika bwanji m'matupi a anthu. Yankho lili m'lamulo la ku America la mu 1976, limene linatsegula njira yotchedwa 510(k). Pa njira imeneyi kampani siyenera kuyesa chipangizo chatsopano pa odwala. Imangosonyeza kuti n'chofanana kwenikweni ndi china chimene chili kale pamsika. Mameshi a heniya ambiri anadutsa pamenepa, iliyonse ikutsamira pa inzake yakale, ngakhale itawonjezeredwa mafuta, kachikopa kapena mkombero zimene yakaleyo inalibe. Mu 2011 bungwe la Institute of Medicine linanena kuti njirayi siitsimikizira kuti chipangizo n'chotetezeka, ndipo linalangiza kuti ilowedwe m'malo ndi ina. Njirayo ilipobe. Kwa chinthu chimene chikhale m'mimba mwa munthu zaka 30 kapena 40, muyezo umenewu ndi wochepa kwambiri. Maiko a European Union anaona chimodzimodzi, ndipo m'malamulo awo a mu 2017 anakweza mameshi kupita m'gulu la zipangizo zofunika umboni wokhwima kuposa zonse. Komabe njira ya 510(k) ili ndi mbali imodzi yokomera odwala. Khoti lalikulu la America linagamula mu 1996 kuti chipangizo chodutsa njira imeneyi chikhoza kusumiridwa, pamene mu 2008 linatseka milandu yambiri yokhudza zipangizo zimene FDA inaziunika mokwanira.

Anthu zikwizikwi akamadandaula za chipangizo chimodzi, makhoti a boma lalikulu la America amasonkhanitsa milanduyo pamaso pa woweruza mmodzi kuti umboni ufufuzidwe kamodzi. Mlandu uliwonse umakhalabe wa mwini wake, ndipo chipukuta misozi chimatengera mmene munthuyo anavulalira. Kenako amasankha milandu yochepa n'kuizenga ngati yoyesera, kuti mbali zonse ziwiri zione kumene mphepo ikulowera. Pa milandu ya meshi ya heniya, gulu lalikulu kuposa onse linali la Bard, limene linakhazikitsidwa mu 2018 ku Columbus, m'chigawo cha Ohio, pamaso pa woweruza Edmund Sargus. Pa nthawiyo Bard inali itagulidwa ndi kampani ya Becton Dickinson.

Zotsatira zake zinali zosiyanasiyana. Mlandu woyamba, mu 2021, kampani inapambana. Wachiwiri, mu 2022, unali wa bambo amene anaikidwa chigamba cha Ventralex pamchombo mu 2007, ndipo patatha zaka 10 anapezeka ndi chithupsa cha mkati, thumbo litamatirira ku chigambacho, moti gawo lina la thumbo linadulidwa. Chigamba cha Ventralex chili ndi polypropylene mbali imodzi ndi ePTFE mbali inayo. Maloya ake ananena kuti zinthu ziwirizi zimafota mosiyana, chigamba chimapindika, ndipo mbali yokhakhala imakhudza matumbo. Kampani inayankha kuti chigambacho chinagwira ntchito zaka 10 ndipo vuto linachokera kwina. Gulu la anthu wamba ogamula mlandu linapatsa bamboyo ndi mkazi wake madola 255,000. Chaka chomwecho, khoti la chigawo cha Rhode Island linapatsa wodwala wina wa chigamba chomwecho madola 4.8 miliyoni. Mu 2023 mlandu wina wa ku Ohio unatha ndi madola 500,000. Mu October 2024 Becton Dickinson inalengeza mgwirizano wothetsa milandu pafupifupi 38,000, popanda kuvomera kuti inalakwa. Milandu ya mameshi a Covidien, nthambi ya Medtronic, inasonkhanitsidwa ku Massachusetts mu 2022.

Ndalama zimenezi zikamveka pa wailesi zimaoneka zambiri, koma zimene zimafika m'manja mwa wodwala n'zochepa. Maloya a milandu yotere salipiritsa poyamba. Amatenga gawo la chipukuta misozi, kawirikawiri pakati pa 33 ndi 40 pa 100 alionse, kuwonjezera pa zolipira akatswiri ochitira umboni. A inshulansi amene analipira chithandizo amabwezeredwanso zawo. Ndipo pakati pa kusuma ndi kulandira pamadutsa zaka zambiri. Zotsatsa za maloya pa wailesi yakanema ndi pa intaneti zabweretsanso vuto lina: zachititsa mantha anthu amene meshi yawo ili bwinobwino, ena mpaka kupempha kuti ichotsedwe, ndipo ena odwala heniya akukana opaleshoni. Mantha otere ndi oopsa kuposa meshiyo, chifukwa thumbo likakanirira n'kusowa magazi munthu amatha kufa m'masiku ochepa.

Mlandu wa meshi umaima kapena kugwa pa mapepala. Choyamba n'kudziwa dzina la meshi, kampani yake ndi nambala ya gulu limene inapangidwira. Paketi iliyonse imabwera ndi timapepala tomata tokhala ndi zimenezi, ndipo kamodzi kamayenera kumatidwa m'faelo ya wodwala. Popanda kapepala kameneka, wodandaula sangadziwe n'komwe kampani yoti aisumire, ndipo dokotala wodzamuthandiza mtsogolo sangadziwe ngati meshiyo ndi yopulumutsika kapena yoyenera kuchotsa. Kenako pamafunika lipoti la opaleshoni yoyamba, lipoti la opaleshoni yochotsa lofotokoza mmene meshi inapezekera, kaya itapindika, itang'ambika kapena italowa m'thumbo, zotsatira za labotale, zithunzi za sikani, malisiti, ndi umboni wa malipiro amene munthu anataya. Meshi yochotsedwayo ndi umboni waukulu kuposa wonse, koma zipatala zambiri zimaitaya pamodzi ndi zinyalala zina ngati wodwala sanapemphe opaleshoni isanachitike kuti isungidwe.

Kampani nayo imabwera ndi mayankho ake. Imaloza fodya, shuga ndi kunenepa kwa wodwala. Imaloza dokotala, kuti anasankha chigamba chaching'ono kapena anachiika molakwika. Imalozanso kapepala ka malangizo, kamene pafupifupi nthawi zonse kamatchula matenda ngati chiopsezo chodziwika, chifukwa m'zigawo zambiri za America udindo wa kampani ndi kuchenjeza dokotala, osati wodwala. N'chifukwa chake milandu ya matenda okha ndi yovuta kupambana kuposa ya mkombero wothyoka umene aliyense angauone ndi maso.

Nthawi yosumira ili ndi malire. Ku America chigawo chilichonse chili ndi lamulo lake: zina zimapereka chaka chimodzi, zambiri zaka ziwiri kapena zitatu, kuwerengera tsiku limene munthu anadziwa, kapena anayenera kudziwa, kuti vuto lake likuchokera ku meshi. Ku Britain, lamulo loteteza ogula la mu 1987 limalola kusumira wopanga chinthu cholakwika popanda kusonyeza kuti ananyalanyaza, koma m'zaka zitatu zokha kuchokera pamene munthu wadziwa, ndipo pakatha zaka 10 chipangizocho chitulukireni pamsika mwayi umenewu umatheratu. Popeza matenda a meshi amatha kubuka mochedwa chomwecho, ena amapeza khomo litatsekedwa asanadwale n'komwe. Milandu ina m'dzikomo imakhudza chilolezo: kuyambira pa chigamulo cha khoti lalikulu cha mu 2015 pa mlandu wa Montgomery, dokotala ayenera kufotokozera wodwala zoopsa zimene munthu wanzeru angafune kudziwa, ndi njira zina zimene zilipo, kuphatikizapo kusoka popanda meshi pamene n'kotheka. Ku South Africa, lamulo loteteza ogula la mu 2008 limaika udindo pa wopanga, woitanitsa ndi wogulitsa katundu wovulaza, ndipo nthawi yake ndi zaka zitatu.

M'maiko ambiri a mu Africa vuto lalikulu si meshi yolakwika koma kusowa kwake, chifukwa mtengo wa chigamba chimodzi umaposa zimene odwala ambiri angakwanitse. Kafukufuku amene anachitika kum'mawa kwa Uganda n'kusindikizidwa mu 2016 anayerekeza meshi ya kufakitale, ya madola oposa 100, ndi kansalu ka neti ya udzudzu yopanda mankhwala, kosafika dola imodzi, pa amuna pafupifupi 300. Patatha chaka, panalibe kusiyana kwenikweni pa kubwerera kwa heniya kapena pa mavuto a bala. Netiyo inali ya pulasitiki wodziwika bwino, yotsukidwa ndi kuphikidwa m'makina a nthunzi pa kutentha koyezedwa. Neti yogona, yonyikidwa m'mankhwala ophera udzudzu, siingaikidwe m'thupi, ndipo mitundu ina ya neti imafota kapena kusungunuka ikaphikidwa. Pa mameshi obwera ngati mphatso kapena ogulidwa kwa amalonda, ogwira ntchito m'fiyeta amayenera kuona tsiku lothera ntchito, kuona ngati paketi sinabooke kapena kunyowa, ndi kupewa kuphikanso zidutswa zotsala za meshi yokutidwa, imene inapangidwa kuti itsegulidwe kamodzi kokha. Ku Malawi, madandaulo okhudza chipangizo chokayikitsa amapita ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo okhudza kagwiridwe ka ntchito ka dokotala amapita ku Medical Council of Malawi. Wodwala amene waikidwa meshi akhoza kupempha kuti dzina la meshiyo ndi nambala yake zilembedwe m'buku lake la kuchipatala asanatulutsidwe m'wodi.